Mphere, mkodzo wakuda ndi maselo a impso ochuluka mopyola muyezo: lipoti la mwana wa pamsasa

Lipotili ndi la mnyamata wa zaka 8 amene anagona m'wodi yathu ya ana kwa masiku 12 m'mwezi wa Meyi 2023, patangopita miyezi iwiri namondwe wa Freddy atasesa chigwa cha Shire. Dzina lake ndi la mudzi wake ndazibisa, ndipo mayi ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe. Ine ndine clinical officer, ngakhale odwala amangonditchula kuti adokotala. Ndalembera anzanga a m'zipatala zing'onozing'ono za ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene mwana wotere amayambira kufika. Ndalembanso chifukwa cha funso limene agogo a mwanayu anandifunsa, limene linandibweza ku mabuku usiku ungapo.

Mmene anafikira kwa ife

Banja lawo ndi la tsidya la kum'mawa kwa Shire. Nyumba itagwa ndi madzi anakakhala pamsasa wa pasukulu, mabanja ambiri m'kalasi imodzi, mphasa kugundana, sopo osaoneka. Mphere sizinachedwe kulowa. Mnyamatayu anadzikanda mpaka m'miyendo ndi pakati pa zala munatuluka zilonda za mafinya. Zilondazo zinayamba kuuma zokha, aliyense n'kuziiwala. Patatha milungu pafupifupi inayi, mayi ake anaona kuti akadzuka m'mawa zikope zatupa ngati walumidwa ndi mavu, pofika madzulo kutupako kwatsikira kumapazi. Kenaka mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka, n'kuyamba kuchepa.

Pachipatala chaching'ono chimene anayambira anamupatsa praziquantel, mankhwala a likodzo. Sindikuwaimba mlandu. Kuno mwana wa sukulu akakodza magazi, maganizo oyamba a aliyense amapita ku likodzo, ndipo kawirikawiri amakhala atalasa. Koma BP sanamuyeze, poti analibe lamba wa mkono wa mwana, ndipo funso limodzi linatsala osafunsidwa. Ine ndinafunsa kuti: "Mayi, magaziwo akumabwera pomaliza kukodza, kapena mkodzo wonse ndi wakuda kuyambira poyamba?" Anati wonse. Magazi a likodzo amachokera m'chikhodzodzo, amakhala ofiira, ndipo amadontha kumapeto. Ochokera m'impso amasakanikirana ndi mkodzo wonse ndipo amaderako.

Pa sikelo analemera makilogalamu 24. M'buku lake la kuchipatala munalembedwa 21 miyezi iwiri m'mbuyomo, nthawi imene banjali linkadya kamodzi patsiku. Makilogalamu atatuwo anali madzi. BP inali 150/100, yokwera kwambiri kwa mwana wa msinkhu umenewu. Ankapuma mofulumirako, ndipo pansi pa mapapo pankamveka kuti madzi ayamba kulowa. Tsitsi linali lakuda bwino, mkono wosaonda, khungu losasupuka, choncho kutupa kwa kunyentchera ndinakuchotsapo. M'miyendo munali zipsera zakuda ndi zilonda ziwiri zosapola.

Malungo sanapezeke, HIV inalibe. Kapepala koyezera mkodzo kanaonetsa magazi 3+ ndi puloteni 2+. Creatinine, chinthu cha m'magazi chimene chimakwera impso zikamalephera kusefa, inali 130, pamene mwana wa zaka zimenezi amayenera kukhala pansi pa 60. Mnzanga wa ku labotale anandiitana kuti ndidzaone ndekha pa maikulosikopu: mazira a likodzo kunalibe, koma kunali timachubu tofiirira ta maselo a magazi oumbika pamodzi. Timachubu timeneti timaumbikira m'timipaipi ta mkati mwa impso basi. Ukatiwona, wadziwa kuti sefa ya impso yatupa ndipo ikudontha. Kuyeza C3, puloteni ya chitetezo cha thupi ya m'magazi, ndi kudula kanyama ka impso kuti kakapimidwe sizichitika pachipatala chathu, koma mbiri, nthawi imene inadutsa, ndi mkodzowo zinagwirizana. Ndinalemba kuti acute post-streptococcal glomerulonephritis, kutupa kwa sefa za impso kobwera pambuyo pa tizilombo ta Streptococcus wa gulu A. Tikalowera pakhosi, impso zimadwala pakatha mlungu umodzi kapena iwiri. Tikalowera pazilonda za pakhungu, pamatenga milungu itatu mpaka isanu ndi umodzi, n'chifukwa chake makolo salumikiza ziwirizi.

Chithandizo, ndi mawu anga amene anavulaza

Tinamupatsa furosemide, mankhwala okodzetsa, wa mumtsempha, 1 mg pa kilogalamu, kawiri patsiku. Nifedipine wa BP. Ndi jakisoni mmodzi wa benzathine penicillin, mayunitsi 600,000, kuti tizilombo totsala tife ndipo asapatsire abale ake. Benzyl benzoate wa mphere tinamudikiritsa mpaka zilonda zitatseka, chifukwa pachilonda amawawa ngati tsabola. Pamwamba pa fayilo ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti asapatsidwe ibuprofen, diclofenac kapena gentamicin, mankhwala otha kuvulaza impso, ndiponso asaikidwe diripi popanda kundifunsa. Anesi anatenga mabotolo awiri a theka la lita, n'kuwamata pulasitala ya mizere: lina la madzi akumwa, lina la mkodzo. Tsiku loyamba mkodzo wa maola 24 sunafike theka la botolo. Madzi akumwa tinkawerengera kuchokera pa mkodzo wa dzulo lake, kuonjezerapo ochepa otayika ndi thukuta ndi mpweya. Mwayi wake unali wakuti munali mu Meyi. Mu Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 40, mwana amataya madzi ambiri pakhungu ndipo muyezowu umafunika kuukweza.

Kenaka ndinanena zimene ndimanena nthawi zonse: "Mwanayu asadye mchere. Nsomba zouma ayi, soda ayi, chidulo ayi, nthochi zidikire kaye." Chidulo ndimachitchula dala, chifukwa phulusa lili ndi potassium wambiri, ndipo impso yodwala imalephera kumutaya mpaka mtima umatha kuima. Nditangotchula mchere, agogo a mwanayo, amene ndi apongozi a mayiwo, anatembenuka n'kuyang'ana mpongozi wawo nthawi yaitali. Mayiwo anazyolika. Ine sindinazindikire kalikonse. Anesi ndi amene anandiuza madzulo kuti kumsasa nkhani inali itagamulidwa kale: mwana akatupa ndiye kuti ndi tsempho, bambo ake anali ku ganyu yodula nzimbe ku Nchalo, ndiye wolakwa angakhale ndani? Pa nkhani za tsempho ndi mdulo mchere uli pakati penipeni, ndipo ine, ndi yunifolomu yangayo, ndinali nditasainira chigamulocho. Zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe, chifukwa ndinakulira m'miyambo yomweyi ndipo ndinayenera kudziwa.

Usiku wachiwiri anadandaula mutu, anasanza, kenaka anakomoka thupi likugwedezeka kwa mphindi pafupifupi zitatu. BP inali 165/110. Tinamupatsa diazepam woletsa kukomokako, tinaonjezera furosemide ndi nifedipine, tinayezanso shuga ndi malungo. Pofika m'mawa anali atatsitsimuka, akufunsa phala. M'mawa womwewo ndinakhala pansi ndi agogo aja pabenchi la kuseri kwa wodi. Ndinati: "Agogo, dzulo sindinalongosole bwino. Mcherewu ndauletsa chifukwa umakoka madzi m'thupi, ndipo impso za mdzukulu wanu zikulephera kuwataya. Ngakhale mutathira inuyo ndi dzanja lanu, atupabe. Matendawa alowera pa mphere zija." Anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa: "Nanga adokotala, ana onse pamsasa paja anali ndi mphere. Watupa yekhayu bwanji? Ndiye kuti n'zakumtundu? Kwathu kapena kwa mayi akewa?"

Zimene zinkachitika mkati mwa sefa

Liwu lakuti majini (genes, malangizo obadwa nawo olembedwa mu DNA ya selo lililonse) sindilitchula pafupi ndi bedi la wodwala, chifukwa ambiri akalimva amaganiza za mizimu. Koma kwa inu anzanga ndilitchula, chifukwa yankho la agogo aja lagona pamenepo.

Impso iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi miliyoni imodzi, totchedwa glomerulus, ndipo mwa munthu wamkulu tonse pamodzi timasefa malita pafupifupi 180 patsiku. Kasefa kalikonse ndi kamtolo ka timitsempha ta magazi kokhala m'kathumba. Mkati mwa timitsemphato mwayalidwa maselo a endothelium. Pakati pa mtolowo pali maselo a mesangium, amene amaugwira ngati mzati wa nyumba. Kunja kwake kwakumbatira maselo otchedwa podocyte ndi timiyendo tawo tolukana, ndipo khoma la kathumbako lili ndi maselo akeake. Maselo onsewa ali ndi DNA yofanana, majini pafupifupi 20,000 omwewo. Chimene chimawasiyanitsa ndi majini amene atsegulidwa ndi amene atsekedwa. Mwa munthu wathanzi, maselo a m'sefa amakhala phee, sagawikana kawirikawiri, chifukwa majini a kugawikana ndi otseka ndipo pali mapuloteni ogwira ntchito ngati buleki. Odziwika kwambiri ndi p27 ndi p21. Amagwira ma enzyme otchedwa CDK, amene akaphatikana ndi mapuloteni otchedwa cyclin amakankha selo kuti likopere DNA yake n'kugawika pawiri. Makina amenewa ndi amene anapezetsa Leland Hartwell, Tim Hunt ndi Paul Nurse mphotho ya Nobel mu 2001.

Mwa mwana wathuyu, tizidutswa ta mapuloteni a Streptococcus tinayenda ndi magazi n'kukakodwa m'sefa. Awiri amene amatchulidwa kwambiri ndi SpeB ndi NAPlr. Chitetezo cha thupi chinawatsatira komweko: ma antibody anawamata, complement (gulu la mapuloteni a chitetezo limene muli C3) inayaka, n'chifukwa chake C3 imatsika m'magazi, ndipo maselo oyera a magazi anakhamukira m'timitsempha tija. Apa m'pamene nkhani ya majini imayambira. M'selo lililonse muli puloteni yotchedwa NF-kB, imene Ranjan Sen ndi David Baltimore anaipeza mu 1986. Nthawi zonse imakhala yomangidwa ndi inzake, IkB, kunja kwa phata la selo. Uthenga wa kutupa ukafika pakhoma la selo, IkB imaphwanyidwa, NF-kB imamasuka, imalowa m'phata, n'kukakhala pa DNA ndi kutsegula majini ambirimbiri nthawi imodzi: oitana maselo oyera enanso, owamatitsa kukhoma la mtsempha, ndi okoleza kutupa komweko. Nthawi yomweyo m'sefa mumachuluka PDGF, puloteni imene imalamula maselo a mesangium kuti aswane kuposa ina iliyonse yodziwika. PDGF ikafika, cyclin D imakwera, p27 imatsika, CDK2 imadzuka, ndipo selo limene linakhala zaka osagawika limayamba kugawika. Zambiri mwa izi zinaonedwa mwa makoswe a m'labotale odwalitsidwa dala matenda otchedwa anti-Thy1 nephritis, mmene maselo a mesangium amachulukana p27 ikatsika.

Amene anaolokapo Elephant Marsh pa bwato amadziwa zimene namasupuni amachita: madzi alipo, njira ilipo, koma zomera zachuluka mpaka bwato silidutsa. Maselo a mesangium ndi a endothelium akaswana, kuphatikizapo maselo oyera odzazana aja, timitsempha timatsekeka. Magazi osefedwa amachepa, mchere ndi madzi zimatsalira m'thupi, zikope zimatupa, BP imakwera, mapapo amanyowa, ubongo umakomoka. Zonse zimene tinaona pa bedi lija zinachokera pa kuchulukana kwa maselo m'malo opapatiza.

Chimene chimandilimbitsa mtima pa matendawa n'chakuti geti la majini lomwe latsegukalo lili ndi chotsekera chake. Mwa majini amene NF-kB imatsegula muli jini la IkB, womanga wake yemwe uja. Tizidutswa ta tizilombo tikatha, uthenga umaleka kubwera, IkB yatsopano imagwiranso NF-kB n'kuitulutsa m'phata, buleki za CDK zimabwerera, ndipo maselo opitirira muyezo amadzipha okha mwadongosolo, njira yotchedwa apoptosis, anzawo n'kuwameza. Sefa imatsegukanso. C3 imabwerera m'malo mwake pakatha milungu 6 mpaka 8. Ana ambiri amachira kotheratu.

Si onse. Khoma la mtsempha likang'ambika, fibrin, puloteni youndanitsa magazi, ndi maselo oyera zimatayikira m'kathumba kaja, ndipo maselo a khoma lake, amene amakhala chete moyo wonse, amatsegula majini atsopano, limodzi mwa iwo CD44, n'kuyamba kuswana. Amaunjikana mooneka ngati mwezi wongotuluka kumene, n'kufinya sefa mpaka kuipha. Kutupa kukakhalitsa, puloteni ya TGF-beta kudzera mwa inzake Smad3 imatsegula majini a collagen, puloteni yopanga zipsera, ndipo pamene panali sefa pamasanduka chipsera chosabwerera. Ma podocyte ndiwo ali ndi buleki zolimba kwambiri, p27 ndi p57 zambiri, moti akafa salowedwa m'malo mosavuta. M'matenda a impso obwera ndi HIV, majini a kachilomboko, makamaka nef ndi vpr, amachotsa buleki zimenezi ndipo sefa imafwafwanizika. Pa chifukwa chimenechi mwana aliyense wotupa ndimamuyeza HIV tsiku loyamba, chifukwa njira yake ndi ina.

Kwa agogo aja ndinangoti: "Mbewu imene anabadwa nayo ilibe chilema, ya kwanu ngakhale ya kwa mayi ake. Zili ngati ngalande ya m'sikimu: geti latsegulidwa mopitirira, munda wadzaza madzi. Mitundu ina yokha ya tizilomboti ndi imene imatsegula geti limeneli, ndipo matupi a ana salimbana nato mofanana. Ntchito yathu ndi kuteteza mundawo mpaka geti litatsekedwa." Anagwedeza mutu, koma sindinganene kuti anakhutira tsiku limenelo.

Tsiku lachisanu

Creatinine inakwera kufika 190, mkodzo unali ukadali wochepa. Mnzanga amene tinkazungulira naye wodi anati tiyambe prednisolone. Maganizo ake sanali opanda pake. Prednisolone nayenso amagwira ntchito pa majini: amalowa m'selo, amagwirana ndi puloteni yomulandira, awiriwo amapita m'phata n'kukafooketsa NF-kB. Ngati vuto ndi geti lotseguka, bwanji osalitseka ndi mankhwala? Ine ndinakana, ndipo ndikanakanabe lero. Pa matenda awa choyambitsa chimakhala chikutha kale, ndipo thupi limatseka lokha. Prednisolone akanasunga mchere m'thupi, akanakweza BP mwa mwana amene wakomoka nayo masiku atatu apitawo, ndipo akanapatsa mphamvu mphere ndi zilonda. Ma steroid amphamvu a mumtsempha amasungidwira mwana amene maselo a khoma la kathumba ayamba kuswana, ndipo chigamulo chimenecho n'cha madokotala a impso.

Tinagwirizana malire. Creatinine ikapitiriza kukwera masiku awiri otsatira, kapena mkodzo ukasiyiratu, kapena BP ndi madzi a m'mapapo zikakana mankhwala, akwere ambulansi kupita ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene kuli makina a dialysis, osefa magazi m'malo mwa impso. Tinaimba foni kukawadziwitsa, kalata ndinailemberatu, mayi ndinawauza kuti amange katundu. Kunena zoona, usiku umenewo sindinagone bwino. Mwana wa maselo obwerera ndi mwana wa maselo osabwerera amaoneka chimodzimodzi pa tsiku lachisanu. Chimene chimawalekanitsa pachipatala ngati chathu ndi botolo la mkodzo, sikelo, ndi creatinine yobwerezedwa.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapeza mayi aja ataima pakhomo la wodi, botolo lodzaza m'dzanja limodzi, lachiwiri lofika pakati m'dzanja linalo. Anati: "Adokotala, usiku wonse wandidzutsa." Mkodzo unali ukadali woderapo, koma unali wambiri. Tsiku lachisanu ndi chitatu creatinine inatsika kufika 110. Tsiku la 10 sikelo inaonetsa makilogalamu 21, ndipo nkhope yeniyeni ya mwanayo ndinaiona koyamba, yowonda, ya maso akuluakulu. Furosemide tinasiya, nifedipine tinachepetsa mpaka kusiya. Anatuluka tsiku la 12, BP ili 100/65, creatinine 70.

Pambuyo pake

Banja lonse tinalipatsa mankhwala a mphere tsiku limodzi, zovala ndi zofunda zinachapidwa n'kuyanikidwa padzuwa. Mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo ndinamupatsa timapepala toyezera mkodzo ndi uthenga wachidule: mwana aliyense wa pamsasa wotupa zikope m'mawa kapena wa mkodzo wakuda abwere tsiku lomwelo, asadikire praziquantel kuti agwire ntchito. Mlongo wake wa zaka 5 anapezeka ndi magazi osaoneka ndi maso mumkodzo, wopanda kutupa, BP yabwino, mazira a likodzo palibe. Izi zimachitika kawirikawiri: pakhomo pamene padwala mmodzi, pamakhala ena amene sefa zawo zatupa mwakachetechete. Anapatsidwa penicillin ndipo tinamutsatira limodzi ndi mchimwene wake. Agogo aja atamva za mdzukulu wachiwiriyu, ndi iwo amene anandifunsa ngati mankhwala a mphere angapezekenso a ana a nyumba yoyandikana nayo.

Kwa anzanga, pempho langa ndi la zinthu zazing'ono. Lamba wa BP wa mkono wa mwana apezeke pachipatala chilichonse. Kulemera kwa lero kuyerekezedwe ndi kwa m'buku. Miyendo iyang'anidwe ngati ili ndi zipsera za mphere, ngakhale makolo asanazitchule. Ndipo poletsa mchere, chifukwa chake chinenedwe pomwepo, apongozi ali pomwepo, mawu asanapite kukagwira ntchito ina kumudzi.

Mnyamatayu anabweranso patatha milungu 6: kutupa kulibe, BP yabwino, puloteni yangotsala pang'ono, magazi 2+. Patatha miyezi 6 puloteni inatheratu, magazi 1+. Magazi osaoneka ndi maso amatha kukhalapo chaka kapena ziwiri, choncho sindinade nkhawa, koma ndinawauza mayi kuti puloteni ikabwerera kapena BP ikakwera, tidzamutumiza ku Blantyre. Ulendo womaliza unali mu Juni 2024. Anabwera pa kabaza ndi agogo ake, mayi atatsalira kudimba. Kapepala ka mkodzo sikanasinthe mtundu pa magazi ngakhale pa puloteni, creatinine inali 48, ndipo analemera makilogalamu 24, ulendo uno opanda madzi. Ndinalemba m'buku lake kuti BP ndi mkodzo ziziyezedwa kamodzi pachaka, n'kulipereka kwa agogowo, amene analikulunga m'pepala la pulasitiki n'kulimanga kunsonga ya chitenje.